Mwezi Umene Amayi Anatilamula Kudika

Kwathu ku Majaua mkazi sangabise kusamba kwake, mchere umamuulula. Amayi anatilera ndi lamulo lakuti mkazi amene ali kumwezi saika mchere m'ndiwo, chifukwa wodya ndiwozo amadulika: miyendo imatupa, chifuwa chimamugwira, ena amafa kumene. Tsono tsiku loyamba lija umaima pakhomo la khitchini n'kuitana amayi, amene anasiya kale kusamba, kuti adzakuikire. Pabwalo pathu panali nyumba zitatu zoyang'anizana, ya amayi, yanga, ndi ya mng'ono wanga. Ukaitana, aliyense amamva kuti mwezi unonso mimba palibe.

Amayi anali munthu wa tchalitchi, wovala yunifolomu yoyera Lachinayi lililonse, koma za mchere ndi za mphasa abusa analibe nazo mawu. Ngakhale ku kampu ku Malawi, kumene ndinakulira nthawi ya nkhondo, mchere wake uli wochita kugawidwa ndi kasupuni, lamulo linali lomweli.

Ine ndinaitana choncho zaka zoposa makumi awiri. Mwamuna wanga woyamba anapirira zaka zisanu ndi zinayi, kenako ananyamula wailesi yake n'kumapita. Wachiwiri ndinamupeza nditakula kale, wokonza njinga wa ku Milange, munthu wofatsa mpaka kukwiyitsa. Anabwera kudzakhala kwathu ngati mkamwini, natsegula kamsasa ka njinga m'mbali mwa msewu. Mng'ono wanga, amene ndimasiyana naye zaka zisanu ndi zitatu, anali ndi ana asanu, wachisanu ndi chimodzi ali m'mimba. Iyeyo mwamuna akangomutsokomolera pafupi, mimba yaima. Ndikaitana mchere, ankatulukira pakhomo pake atagwira m'chiuno.

"Mana, mcherenso?" ankatero. Mana ndi mmene timaitanira mkulu wathu kuno. "Ine kaitanidwe kake ndinaiwala. Mudzandikumbutse tsiku lina."

Ndinkamuda pa mawu amenewo, ndipo sindibisa. Ndine amene ndinamubereka kumbuyo tikuwoloka Ruo pothawa, koma ndinkamuda.

Za mapiritsi ndinazimva kwa mayi wina amene tinkagulitsa naye nyemba ku Muloza. Anali ndi imvi m'mbali mwa duku koma kumbuyo kuli khanda. Ndinamufunsa ngati ndi mdzukulu, iye n'kuseka, n'kutulutsa bere. Anandilongosolera kachipatala kolipira kutsidya la Malawi. Nditagulitsa nyemba za chaka chimenecho ndinakwera chapa, galimoto yonyamula anthu ya kuno, mpaka ku Milange, ndinawoloka malire wapansi, n'kukwera minibasi.

Dokotala wake anali mtsikana woti ndikanamubala ine. Anandifunsa zaka, ndinati makumi anayi ndi ziwiri, iye anayamba wayang'ana cholembera chake. Anandipaka mafuta ozizira pamimba n'kuyendetsapo kachitsulo, akuyang'ana pa kanema.

"Mayi, mazira alipo, koma atsala ochepa, ndiponso sakhwima mwezi uliwonse," anatero. "Mankhwala awa amathandiza kuti dzira likhwime lituluke. Pa msinkhu wanu sindikulonjezani kanthu."

Anandipatsa timapaketi titatu, kalikonse mapiritsi asanu oyera, n'kundilembera papepala. Tsiku loona magazi ndi loyamba. Kuyambira lachiwiri, piritsi limodzi patsiku mpaka asanu athe. Kuyambira tsiku la khumi ndi chimodzi mpaka la khumi ndi chisanu ndi chiwiri, ndikhale malo amodzi ndi bambo akunyumba, mosadumphitsa masiku awiri. Anabwereza kawiri kuti ndi katatu kokha. Zikakanika katatu ndisakagule ena pamsika, ndibwerere tikakambirane. Kukambirana kwa madokotala ndimakudziwa, ndi kukuuza mwaulemu kuti upite ukalere ana a anzako.

Mapiritsiwo anali aukali. Thupi linkangotentha mwadzidzidzi ngati ndaweramira ng'anjo ya njerwa, maso ankachita nyenyezi masana, ndipo mtima wanga, umene ndi wapachala kale, unafupikiratu. Tsiku lina ndinagenda mwamuna wanga ndi chipande chifukwa chofunsa kumene kuli sopo. Iye, m'malo mosunga za m'nyumba, anakadandaulira mlamu wanga, mwamuna wa mng'ono wanga uja, amene ankasenza katundu wa amalonda pa malire. Dzuwa lisanalowe nkhani inali pabwalo.

"Amayi, mwamva?" mng'ono wanga anafuula akupeta. "Mana akudya chakudya cha nkhuku zoikira. Tiwakonzere chisa."

Kuyambira pamenepo ana ake ankati ndikamadutsa, amatetera ngati thadzi. Mayi wawo ankanamizira kuwakalipira, akuseka.

Paketi yoyamba inatha, ndinawerenga masiku, ndinachita zonse za papepala, mwezi utakwana ndinaitana mchere. Yachiwiri chimodzimodzi. Ulendo wachiwiriwo ndinaima pakhomo la khitchini nkhwani zikuwira mpaka kupserera, pakamwa posatseguka. Amayi anabwera okha, anatapa mchere, anaika, n'kutuluka osandiyang'ana. Madzulo ake mwamuna wanga, akupukuta girisi m'manja, anati alongo ake akufuna akawaone ku Milange mvula isanayambe. Alongo akewo ndinkawadziwa. Anali atamupezera kale mtsikana wa m'tchalitchi mwawo, ndipo ankanena poyera kuti mchimwene wawo akulima pathanthwe.

Tsono paketi yachitatu inali yomaliza pa zonse. Ndinameza piritsi lachisanu Lachisanu m'mawa, nditagwada, ndikupemphera ngati wamisala.

Mawa lake mng'ono wanga anayamba kumva kupweteka, miyezi isanu ndi itatu isanakwane. Anachira ku chipatala chathu chaching'ono, mwana wamwamuna, wochepa ngati botolo la mafuta ophikira. Mng'ono wangayo anataya magazi ambiri. Atakhalako masiku atatu anatulutsidwa, namwino atawauza kuti mwanayo azikhala pachifuwa pa munthu nthawi zonse, khungu kukhudza khungu, kuti asazizidwe. Tsiku limene anafika pakhomo linali langa la khumi.

Amayi anandiitanira m'nyumba ya chikuta, mmene mng'ono wanga anagona ndi khandalo. Nkhani zotere salankhula ndi akamwini, amauza ana awo aakazi.

"Mwana uyu ndi wozizira, wabwera nthawi yake isanakwane," anatero. "Pabwalo pano aliyense adike mpaka mwezi uthe. Wotentha akamugwira, amudula. Iwe ukawauze akamwini, mphasa zikhale ziwiri."

Kudika ndi kusakhala malo amodzi ndi mwamuna. Wotentha ndi amene wachita zimenezo. Ndinazidziwa kuyambira kuchinamwali, koma tsiku limenelo ndinamva ngati andithira madzi a m'mawa. Ndinathamanga kukatenga pepala la dokotala, ndinagwada, ndinawawerengera mzere ndi mzere.

"Amayi, masiku anga ndi ano. Ayamba mawa, sabata imodzi yokha. Mankhwala ena kulibe."

"Wadikira zaka makumi awiri, mwezi umodzi ukupha?" anatero amayi. "Ufuna tiike pachiswe mwana wamoyo chifukwa cha mwana wa papepala?"

Mng'ono wanga anali wofooka moti mawu ankachita kukoka, koma mphamvu yondinyoza anaipeza. "Mana, mazira anuwo ikani m'dengu. Mukawaika mu madeya sawola."

Ndinaganiza zochoka ndi mwamuna wanga sabata imeneyo, tikakhale ku Milange. Koma manja a amayi anali atayamba kunjenjemera, sakanatha kugwira kamwana kotero. Wotunga madzi, wophika phala, wochapa matewera, wofungatira khanda mayi wake akagona, ndinali ine. Kuchoka kukanakhala kulengeza mudzi wonse chimene ndikukachita, ndipo pobwera sakanandilola kuponda pabwalo. Tsiku la khumi ndi chimodzi ndinadika. Ndinayala mphasa ziwiri, ndinayang'ana pepala lija mpaka linafewa m'manja.

Tsiku la khumi ndi chiwiri, dzuwa lili paliwombo, ndinapita ku kamsasa ka njinga n'kuuza mwamuna wanga kuti akandithandize kuzula chinangwa. Munda wathu uli patali, kuseri kwa kaphiri, ndipo chinangwa chake chinali chitatalika kupitirira munthu. Atazindikira chimene ndinamuitanira, anabwerera m'mbuyo ngati waponda njoka.

"Mayi, apongozi anena. Kamwana kaja mukukaona mmene kalili."

"Dokotala anati za mdulo ndi zabodza, kulibe matenda otero," ndinatero. Linali bodza. Dokotala sananene, ndipo ine sindinamufunse. Ineyo mdulo ndinkaukhulupirira ndi theka la mtima, mwina kupitirira theka.

Anakanabe. Ndiye ndinamuuza zimene ndinasunga zaka zitatu. Ndinati mwina chumba si ine, mwina ndi iye, ndiye chifukwa chake akubisala kumbuyo kwa apongozi. Ndinati ndikauza alongo ake kuti mchimwene wawo anagwa m'papaya, amuuziretu mtsikana wawo uja. Munthu wofatsa ukamulasa pamenepo amasanduka wina. Zinachitika pamenepo pa nthaka youma, popanda chikondi chilichonse, aliyense atakwiyira mnzake. Tinabwererako tsiku la khumi ndi chinayi, ndi la khumi ndi chisanu ndi chimodzi. Ulendo uliwonse ndinkabwera ndi dengu la chinangwa pamutu, mpaka amayi anadabwa kuti chinangwa chonsechi adye ndani.

Tsiku loyamba kupita kumundako, nditangotula dengu, mng'ono wanga anandiitana. Anali atakhala pakhomo la chikuta, akufuna kupita kuseri.

"Mana, tandigwirirani."

Anatambasula manja, kamwana kali pamenepo. Amayi anali pakhonde pawo akusenda nandolo, maso ali kuno. Ndikanati ndili ndi chimfine. Ndikanati m'manja muli dothi, ndiyambe ndasamba, n'kuzengereza mpaka amayi amutenge okha. Zonsezi zinabwera m'mutu, koma ndinadziwa kuti amayi sapusitsidwa ndi chimfine. Wokana kugwira khanda pa nthawi yodika wadziulula yekha. Ndinamasula bulauzi, ndinamulandira, n'kumuika pachifuwa panga mmene namwino ananenera. Anali wopepuka kuposa mwana wa mbuzi. Anatsegula diso limodzi, nafunafuna bere langa louma ndi kakamwa kake. Ndinamufungatira choncho tsiku limenelo, ndi mawa lake, ndi masiku onse otsatira.

Patapita sabata ndi masiku awiri anasiya kuyamwa. Popuma nthiti zinkalowa m'kati, timapazi tinatupa. Mlamu wanga anawakweza panjinga, mayi ndi mwana, ine ndikuthamanga pambuyo. Namwino anati apite ku chipatala chachikulu ku Milange, koma galimoto isanapezeke mwana anali atapita. Namwinoyo anatiuza m'Chipwitikizi, n'kubwerezanso m'chinenero chathu, kuti ana obadwa msanga chotere mapapo awo amakhala asanakhwime, ambiri sapirira, palibe wolakwa. Amayi anavundukula nsalu, nayang'ana timapazi totupa tija nthawi yaitali.

Anaikidwa ndi akazi okhaokha, popanda nyimbo, monga amaikira khanda losatuluka m'chikuta. Pobwera kumanda funso linali limodzi: wamudula ndani?

Palibe amene anayang'ana ine. Chumba wokalamba ndi mwamuna wake wopusa, ndani akanawaganizira? Onse anayang'ana mlamu wanga. Ntchito ya pa malire ili ndi mbiri yake, ndipo iye anali atagwidwapo kale ndi mkazi wogulitsa mowa ku Muloza. Amalume anaitanidwa, mlandu unakhala pansi pa mtengo wa mango. Mlamu wanga analumbira pa Baibulo, analumbira pa manda a amayi ake, analira ngati mwana kuti kuyambira tsiku limene mkazi wake anachira sanakhudze munthu. Mng'ono wanga anamulumphira n'kumukanda kumaso mpaka magazi. Zovala zake anaziponya panja pamodzi ndi nkhata yake yosenzera katundu. Ine ndinali pomwepo, nditakhala pamphasa pafupi ndi amayi, ndipo nditafunsidwa maganizo ndinati amuna a pa malire ndi otero. Mlamu wanga anatola zinthu zake, napsompsona mwana wake wamng'ono pamutu, n'kulowera njira ya ku Milange.

Mwamuna wanga sanapirire kuziona. Mawa lake anati alongo ake amuitana, ndipo anakakhalako masabata asanu.

Tsiku langa losamba linafika, n'kudutsa. Sabata inatha. Mabere anayamba kulemera, fungo la utsi linkandichititsa nseru. Ndinadziwa, ndipo ndinadziwanso choyenera kuchita: kuima pakhomo la khitchini n'kuitana mchere mwabodza, kuti chiwerengero cha amayi chisokonekere ndi mwezi umodzi. Mwana akadzabadwa ndikanati wafulumira, monga anafulumirira wa mng'ono wanga. Ndinaimadi pakhomo paja kawiri. Koma ndinkaopa kuti ndikaitana mchere ndiitana magazi, kuti chimene ndanamizira chibweradi. Komanso, ndinene zoona, panali kunyada. Zaka zonsezo ndinkalota tsiku limene ndidzatape mchere ndi dzanja langa mwezi ndi mwezi, pabwalo ponse pakuona. Ndinatapa, ndinaika ndekha.

Amayi sadziwa kuwerenga kalata koma miyezi ya ana awo amaisunga m'zala. Anandisiya mpaka mwezi wachiwiri. Tsiku lina ndikusanza kuseri kwa nkhokwe ndinawapeza ataima kumbuyo kwanga.

"Unaitana mchere komaliza mng'ono wako asanachire," anatero. "Kenako tinadika. Maliro atachitika amuna ako anachoka. Tsono mimba iyi yalowera pati?"

Anatumiza uthenga kwa amalume, amalume anaitanitsa mwamuna wanga. Iye sanadikire n'komwe kufunsidwa kachiwiri. Anagwada m'fumbi n'kunena zonse, za munda wa chinangwa, masiku ake, ndi mawu amene ndinamunyoza nawo. Anati ndinamukakamiza, ndipo pamenepo sananame.

Ndinkayembekezera kuti mng'ono wanga andikanda ngati anakandira mwamuna wake. Sanatero. Anaika manja pamiyendo n'kufunsa motsitsa mawu: "Tsiku lija ndinati tandigwirirani, munali mutachokera kumeneko?"

Ndinati inde.

"Ndipo pa mlandu wa bambo a ana anga munakhala pamphasa, mukumva akulumbira?"

Ndinatinso inde. Kenako mtima wanga uja unakwera, ndinanena zimene sindikanayenera kunena. Ndinati namwino ananena yekha kuti anali mapapo. Ndinati iye ali nawo asanu, ine ndinkafuna mmodzi. Amayi anadzuka, nalowa m'nyumba mwanga, natulutsa mphika wanga wa ndiwo n'kuuphwanya pakati pa bwalo. Anati ndichoke dzuwa lisanalowe, ndipo mwana ameneyo asadzamve dzanja lawo. Anasunga mawu awo mpaka anamwalira.

Tinachita lendi chipinda chimodzi kuseri kwa msika ku Milange. Amalume anatuma anthu kukapepesa mlamu wanga kuti abwerere, koma iye anati mudzi umene unamutcha wopha mwana wake sadzaupondanso. Mng'ono wanga anatsala yekha ndi ana asanu. Mwamuna wanga sanandisiye, alongo ake anakhala chete, koma mpaka lero akamanyamula mwana wathu amachita ngati wanyamula mbale ya eni ake.

Ndinachira ku chipatala cha boma, ndi mpeni, mwana wamkazi wonenepa, wolira mokweza. Anthu amafuna ndinene kuti chimwemwe changa chinali chosakanikira. Ayi. Nditamumva akulira ndinasangalala ndi thupi lonse, ndipo mwana wa mng'ono wanga sanabwere m'maganizo mwanga ngakhale pang'ono. Za mapapo ndimazikhulupirira masiku ena, masiku ena ayi. Koma atandibwezera pa tsiku la khumi ndi chiwiri lija, ndikanapitanso ku munda wa chinangwa.

Patatha sabata ziwiri chitulukire m'chipatala, ndinamva odi pakhomo. Anali mng'ono wanga, atawonda, fumbi la msewu wa Majaua lili mbuu m'miyendo. Anapereka moni wonse mwaulemu, anafunsa za chilonda, anafunsa ngati mkaka ukutuluka. Kenako anamasula kamtolo n'kuyala pabedi: kachipewa koluka, kajuzi kachikasu, matewera anayi ochapidwa bwino.

"Izi zinali za wanga," anatero. "Sanazivale mpaka kutha. Muvekeni wanuyu, mana. Malo anatenga kale, atengenso ndi chipewa."

Ndinati atenge zinthu zake azipita. Anamwetulira, nakhala pampando, nayang'ana mwana wanga mpaka dzuwa linapendeka. Pochoka anati azibwera, chifukwa akufuna aziona mmene wake akanakulira.

Amabweradi. Akabweretsa nyemba ku msika amadutsira kwathu, miyezi iwiri siipita. Sanyoza, sakweza mawu, sabwera chimanjamanja: nthochi, chimanga chachiwisi, nthawi zina kadiresi ka pa kaunjika. Amakhala pampando womwe uja n'kumati, "Wanga bwenzi pano akukwawa." Ulendo wina, "Wanga bwenzi akuyenda." Ndinayesa kutseka chitseko, anakhala panja mpaka anthu oyandikana nafe anayamba kufunsa. Ndinayesa kumutukwana, anangoti zikomo. Choipa kwambiri n'chakuti mwana wanga amamukonda. Akangomuona pa ngodya ya msika amathamanga akufuula kuti amayi aang'ono abwera, n'kumukwera pamiyendo, n'kumamuseweretsa makutu.

Ulendo wathawu ndinamuperekeza mpaka pokwerera chapa, ndinamufunsa kuti kwenikweni akufuna chiyani. Ndinati ngati ndi kupepesa ndigwada pompano pamsewu, anthu onse aone.

"Musadetse chitenje chanu, mana," anatero, akukonza duku. "Ine ndi inu tinathana kale. Ndikungodikira uyu akule pang'ono, azimva bwino nkhani. Ndidzamukhazika pamiyendo pangapa, ndimufotokozere ndekha mmene anabwerera."

Anakwera chapa, nakhala pawindo, n'kumubayibitsa mwanayo. Mwana wanga ali ndi zaka zinayi tsopano, ndipo aliyense amanena kuti amamva zinthu msanga.